Kafupa ka bondo kakaguluka mwa wachinyamata: kuthowa, chikhakha, mafizo kapena opaleshoni?

Mwana wa mchemwali wanga anagwa pa bwalo la ntchemberembaye ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ali mu Form 2. Palibe anamugunda. Anawakha mpira, phazi linaponda pansi n'kukhazikika, thupi linatembenuka, ndiye tinangomva kukuwa. Kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, kamene madokotala amati patella, kanali katatsetserekera kumbali yakunja, bondo likuoneka ngati si lake. Aphunzitsi atamuwongola mwendo pang'onopang'ono, kanabwerera kokha m'malo mwake. Pofika usiku bondo linali litatupa ngati dzungu.

Kafupako sikanagulukenso, ndipo ife tinati wachira. Patapita chaka m'pamene ndinaona kuti mtsikanayo akutsika masitepe cham'mbali, akukana kunjuta pochapa, mu kombi (minibasi) akukakamira mpando wakutsogolo kuti atambasule mwendo, ndipo yunifolomu ya timu ili pansi pa sutikesi. Nditamufunsa anangoti, "Amayi aang'ono, sindilikhulupirira bondoli." Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuperekeza iyeyo ndi ana ena awiri a kumpingo kwathu kuzipatala, ndipo zimene ndalemba pano ndi za makolo amene ali pa mphambano yomweyo.

Chimene chimawonongeka m'katimo

Kafupaka kamayenda m'kangalande kamene kali kumapeto kwa fupa la ntchafu. Kumbali ya m'kati kamakokedwa ndi mtsempha wotchedwa MPFL, ndipo pafupifupi nthawi zonse kakaguluka koyamba mtsemphawu umang'ambika kapena kutamuka kwambiri. Kutupa kofulumira kuja kumakhala magazi odzadza m'bondo. Nthawi zina, kafupaka potuluka kapena pobwerera kamagumula kachidutswa ka chicherewecherewe kapena ka fupa, kamene kamatsala kakuyendayenda m'kati. Vutoli limakonda ana a zaka 10 mpaka 17, ndipo atsikana ndi amene amakhudzidwa kwambiri.

Kafukufuku wa ku Mayo Clinic ku America, wofalitsidwa mu 2013, anatsatira ana ndi achinyamata amene anathandizidwa popanda opaleshoni kafupa kataguluka koyamba. Pa 100 alionse, pafupifupi 38 bondo lawo linavutanso. Koma mwa amene mafupa awo anali akukulabe, kangalande kawonso kali kosazama, chiwerengerocho chinafika pa 69. N'chifukwa chake nkhani ya mwana wa aneba amene "anangochira yekha" singakhale muyeso wa mwana wanu. Maondo awo sanaumbidwe mofanana.

Zoyesera musanasankhe

Choyamba, kodi m'bondomo muli chidutswa chogumuka? X-ray imaonetsa fupa, koma chicherewecherewe sichioneka bwino pa X-ray, chimafuna makina ena ojambulira m'kati mwa thupi otchedwa MRI. Bondo likamatsekeka losawongoka, likamakodwa ngati muli kamwala, kapena kutupa kukakana kuphwa, musayese njira zotchipa, pitani kwa dokotala wa mafupa m'masiku oyambirira omwewo.

Chachiwiri, kodi n'koyamba kapena kachiwiri? Amene kanamugulukapo kawiri, mwayi woti zichitikenso umafika pafupifupi theka.

Chachitatu ndi kaumbidwe ka mwendo ndi msinkhu. Madokotala amayang'ana ngati kangalande kali kosazama, ngati kafupa kakhala m'mwamba kwambiri, ngati maondo amagundana mwana akaimirira, ndiponso ngati mfundo za thupi lonse n'zofewa mopitirira, monga ana aja amene amapinda chala chachikulu mpaka kukhudza mkono. Amafunanso kudziwa ngati malo okulira a fupa atsekeka. Pa bondo, mwa atsikana ambiri malowa amatseka ali ndi zaka pafupifupi 14, mwa anyamata pafupifupi 16, ndipo zimenezi zimasintha mtundu wa opaleshoni imene ingachitike.

Chachinayi, chimene ine ndimachiika pamwamba pa zonse, ndi moyo wa mwanayo tsiku ndi tsiku. Ofufuza ali ndi mafunso oyezera zimenezi, monga Kujala, amene amapereka mapointi kuchoka pa 0 kufika pa 100, ndi KOOS, amene ali ndi mtundu wake wa ana. Chimene chimaonekaoneka m'mayankho a achinyamata n'choti kuyenda ndi kuvala kumabwerera msanga, koma gawo la masewera ndi la mmene akuonera moyo wake ndi bondolo limatsalira m'mbuyo, ngakhale kwa amene kafupa sikanagulukenso. Simufunika fomu kuti muyeze. Muoneni akutsika masitepe. Muoneni atasenza ndowa kuchokera ku mjigo pa njira ya miyala. Mufunseni ngati amatha kunjuta m'chimbudzi, kugwada popereka madzi kwa alendo, kuthamangira kombi, kukhala maola awiri pa desiki. Mufunseninso chimene anasiya kuchita osauza munthu.

Chomaliza ndi thumba ndi nthawi: ndalama za lero, ndalama za mayendedwe a miyezi ingapo, munthu womuperekeza, ndi kalendala ya mayeso a boma a ZIMSEC.

Njira yoyamba: kupumula ndi kuthowa pakhomo

Iyi ndi imene ambirife timayamba nayo, ifenso tinayamba nayo. Agogo amatenthetsa madzi, amathowa, amasisita ndi mafuta, ena amapita kwa a sing'anga kukatemera mphini, mwana amagona masabata awiri, kenako amadzuka akutsimphina n'kubwerera kusukulu.

Mtengo. Pafupifupi palibe, kupatula panado, bulufeni ndi bandeji.

Kupezeka kwake. Paliponse, usiku womwewo.

Zofunika kupitiriza. Palibe dongosolo, ndipo vuto lagona pomwepo. Kupumula masiku oyamba n'koyenera, kukweza mwendo pa pilo n'koyenera, kuika chozizira kwa mphindi 15 mpaka 20 chitakulungidwa m'nsalu n'koyeneranso. Magetsi akazima ayezi n'kusowa, nsalu yonyika m'madzi ozizira a mumtsuko imathandizako. Koma madzi otentha ndi kusisita mwamphamvu m'masiku awiri kapena atatu oyamba kumawonjezera kutuluka kwa magazi m'kati, bondo n'kutupiratu.

Zoopsa. Chidutswa chogumuka sichidziwika mpaka nthawi yochibwezeretsa itadutsa. Mphini pa bondo lodzadza magazi zingalowetse tizilombo, ndipo mafinya m'kati mwa mfundo amawononga msanga kwambiri. Choopsa chachete ndi chimene chinatigwera ife: minofu ya ntchafu imaphwa, mwana amaphunzira kuyenda mozemba bondolo, ndipo banja limaganiza kuti nkhani yatha poti palibe akulira. Sindinyoza manja a agogo, amatonthoza mwana. Koma kuthowa sikudziwa chimene chang'ambika.

Njira yachiwiri: chikhakha kapena brace

Mtengo. Chikhakha cha pa chipatala cha boma n'chotsika mtengo. Ma brace, zovala pa bondo zoligwira kuti likhazikike, amasiyana kwambiri. Kansalu kotamuka kovala ngati sokosi kamene amagulitsa m'misika ndi m'mafamase n'kotchipa, koma sikagwira kafupa, kamangofunditsa. Brace yeniyeni ya vutoli imakhala ndi kotchinga kumbali yakunja kwa kafupa, ina imakhala ndi zitsulo m'mbali zimene amazitsegula pang'onopang'ono, ndipo imeneyi mtengo wake umakwera, nthawi zambiri m'madola a ku America.

Kupezeka kwake. Chikhakha chimaikidwa m'zipatala zikuluzikulu monga Parirenyatwa, Sally Mugabe imene tonse timangoti ku Gomo, ndi Chitungwiza Central. Ma brace amapezeka m'mafamase akuluakulu m'tauni ndi m'masitolo a zipangizo za chipatala. Mukamatumiza abale a ku Johannesburg kuti akugulireni, yezani kaye kukula kwa ntchafu ndi katumba, chifukwa yaikulu imatsetsereka, yaing'ono imatupitsa phazi.

Zofunika kupitiriza. Brace imachapidwa, zomatira zake zimatha, ndipo mwana amene akukula amaisiya msanga. M'mwezi wa October, kutentha kwa Harare kumachititsa thukuta ndi zidzolo kuseri kwa bondo. Chikhakha sichifuna madzi, ndiye kusamba kumakhala ntchito ya anthu awiri.

Zoopsa. Kale ankamanga mwendo wowongoka masabata 6. Masiku ano madokotala ambiri amafupikitsa nthawiyi, masabata awiri kapena atatu, chifukwa bondo lomangidwa nthawi yaitali limauma ndipo ntchafu imaonda mwamsanga. Brace payokha sichiritsa mtsempha ndipo siisintha kaumbidwe ka fupa. Mapepala a m'bokosi amalonjeza zambiri, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: ndaonapo mnyamata amene patapita chaka chathunthu sankatuluka m'nyumba popanda brace, ntchafu yake itatsala ngati ya mwana wa Grade 4. Brace ndi mlatho wopitira ku mafizo, komanso mthandizi pa miyezi yoyamba yobwerera ku bwalo.

Njira yachitatu: mafizo

Apa ndichedwapo, chifukwa njira imeneyi imalowa m'njira zina zonse. Kwa mwana amene kafupa kaguluka koyamba ndipo mulibe chidutswa, madokotala ambiri padziko lonse amayambira pano. Ndipo amene wapita ku opaleshoni amabwereranso pomwepa.

Anthu ambiri akamva mafizo amaganiza zosisitidwa ndi kuikidwa makina. Ntchito yeniyeni amaigwira mwanayo. Masabata oyamba amaphwetsa chotupa, amaphunzira kulimbitsa ntchafu mwendo uli chowongoka, amaukweza ali chigonere, amayamba kupinda pang'onopang'ono ndi kuponda monga ululu ukulolera. Kenako amalimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya m'chiuno. Za m'chiunozi zinandidabwitsa. Wamafizo anamuimiritsa mtsikana wathu ndi mwendo umodzi patsogolo pa galasi n'kumuuza kuti atsike pang'ono, ndipo tonse tinaona bondo likugwera m'kati ngati mzati wodyedwa ndi chiswe. Chiuno chikakhala chofooka, ntchafu imapotokera m'kati, kafupa kamakankhidwira kunja. Gawo lomaliza ndi kuphunzira kudumpha, kutera, kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka, zimene ntchemberembaye ndi mpira wa miyendo zimafuna.

Mtengo. Pali makwerero atatu. Ku madipatimenti a mafizo (rehabilitation) a zipatala za boma mumalipira zochepa pa ulendo, koma muwerengere kombi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, za anthu awiri, ngati mukuchokera ku Epworth, Dzivarasekwa kapena Mabvuku. Kwa a private, amene ambiri ali ku Avenues ndi madera a kumpoto kwa mzinda, ulendo uliwonse ndi madola ochuluka, ndipo ngati muli pa medical aid monga CIMAS, PSMAS kapena First Mutual funsiranitu kuti amalipira maulendo angati pa chaka ndiponso ndalama yotsala imene mudzawonjezere nokha. Khwerero lachitatu, limene ndimalimbikitsa mabanja a thumba lochepa, ndi kuphatikiza: kuonana ndi wamafizo kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, kuti ayeze ndi kusintha masewero, zotsalazo n'kumachitira pakhomo.

Kupezeka kwake. Harare ili bwino poyerekeza ndi kumidzi. University of Zimbabwe imaphunzitsa akatswiri a mafizo, zipatala zitatu ndatchula zija zili ndi madipatimenti ake, ndipo ku Milton Park kuli St Giles, malo a kalekale a ntchito imeneyi. Ku chipatala cha boma njira yake ndi kuyambira ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko, n'kutenga kalata. Wamafizo weniweni amakhala wolembetsedwa ku Medical Rehabilitation Practitioners Council of Zimbabwe, ndipo si mwano kufunsa. Wa ku jimu amene amadziwa kunyamulitsa zitsulo si yemweyo.

Zofunika kupitiriza. Apa ndiye pamene ambiri amagwera. Masewerowa amafuna mphindi 20 kapena 30, masiku ambiri pa sabata, kwa miyezi itatu kapena kuposa, ndipo ngakhale atabwerera ku bwalo ayenera kumawapitiriza kawiri pa sabata. Zipangizo si vuto: sitepe ya pakhonde, mpando, khoma, chubu chakale cha njinga m'malo mwa lamba wotamuka, botolo la malita awiri lodzadza mchenga. Vuto ndi mwana wa zaka 14 amene ululu wamuthera pa sabata lachisanu ndipo saona chifukwa chopitirizira. Ife tinachita kupachika pepala kuseri kwa chitseko, mlongo wake n'kumachita naye limodzi nsima isanapse. Foni inathandizanso: tinkamujambula akutsika pa mwendo umodzi mwezi uliwonse, iye yekha n'kumaona kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndionjezere za mantha, poti nawonso amachiritsidwa pomwepa. Mwana amene anaona bondo lake litapotoka saiwala. Wamafizo wabwino amamubwezera pang'onopang'ono ku zimene amaopa, kuyambira kutsika sitepe imodzi mpaka kuwakha mpira akutembenuka. Tsiku limene mtsikana wathu anadumpha ndi mwendo wovulalawo n'kutera osagwira khoma, anakhala pansi n'kulira. Kulimba kwa ntchafu kunali kutabwerera kale masabata angapo m'mbuyomo, koma mtima unali usanabwerere.

Zoopsa. Mafizo sazamitsa kangalande ndipo satsitsa kafupa kamene kali m'mwamba. Mwana wa kaumbidwe kotero angachite zonse mokhulupirika, kafupa n'kugulukabe, ndipo kuguluka kulikonse kumapala chicherewecherewe, zimene zimakulitsa mwayi wa nyamakazi ya bondo akadzakula. Choopsa china ndi kubwerera msanga. Teremu yachiwiri ikafika masewera a mpira atayamba m'masukulu, aphunzitsi amafuna wosewera wawo, mwananso amafuna. Musawerenge masiku okha. Abwerere bondo likapanda kutupa, likamapinda ndi kuwongoka monga linzake, ndipo akamadumpha ndi mwendo umodzi mtunda woyandikira kwambiri wa mwendo wabwinowo, popanda kuzengereza.

Njira yachinayi: opaleshoni yokonza mtsempha wa MPFL

Adokotala amatenga kamtsempha kena m'thupi la mwanayo, kawirikawiri kochokera kuseri kapena m'kati mwa ntchafu, n'kukamangirira pakati pa kafupa ndi fupa la ntchafu kuti kalowe m'malo mwa wong'ambika uja. Iyi ndi opaleshoni imene imachitika kwambiri masiku ano kwa amene kafupa kamagulukaguluka. Kungosoka mtsempha wakalewo sikudalirika mofanana, ndipo kungodula minyewa ya kumbali yakunja, kumene kunkachitika kwambiri kale, sikuonedwanso ngati mankhwala okwanira paokha.

Mtengo. Ndi wokwera kuposa njira zonse zapitazi kuphatikiza pamodzi. Ku private muwerengere MRI, dokotala wa mafupa, dokotala wogoneka tulo, chipinda cha opaleshoni, bedi, tizipangizo tomangira, ndodo zoyendera, brace, ndi mafizo a miyezi yambiri. Pemphani pepala la mtengo lolembedwa chilichonse pachokhapachokha, ndipo a medical aid avomereze kaye tsiku lisanafike. Ku boma ndalama ya opaleshoniyo imatsika, koma konzekerani kuti mungafunike kugula nokha zina, monga tizipangizo ndi mankhwala, kapena kukajambulitsa kwina.

Kupezeka kwake. Madokotala a mafupa m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Harare ndi ku Bulawayo. Ku zipatala za boma ovulala pa ngozi za pamsewu amayamba ndiwo, moyenereradi, choncho bondo limene mwini wake akuyenda limadikira. Funsani adokotala mwaulemu kuti opaleshoni yamtunduwu amaichita kangati, makamaka pa ana amene akukulabe.

Zofunika kupitiriza. Walira mvula walira matope. Masabata oyamba ndi a ndodo ndi brace, kukwera kombi kumavuta, ndipo sukulu ya masitepe ambiri imafuna kukambirana ndi a hedi. Kuthamanga kumabwera patapita miyezi itatu kapena inayi, masewera otembenukatembenuka cha m'miyezi 6 kapena kupitirira. Mnyamata wa kumpingo kwathu amene anadutsa njirayi anachita mafizo ambiri kuposa mtsikana wathu amene sanang'ambidwe. Banja limene latha ndalama zonse pa opaleshoni osasiyako za mafizo lagula nyumba yopanda denga.

Zoopsa. Ubwino wake ndi woonekeratu: kugulukanso kumachepa kwambiri, kufika pa ochepera 10 pa 100 alionse m'kafukufuku wambiri, ndipo achinyamata ochuluka amabwerera ku masewera. Koma bondo lingaume, bala lingalowe tizilombo, mtsempha watsopano ukakokedwa mopitirira kapena ukaikidwa pamalo olakwika umabweretsa ululu wa kutsogolo kwa bondo, ndipo mwa apo ndi apo kafupako kamathyoka pamene anaboola. Kwa mwana amene akukulabe pali chinanso: malo omangirira mtsemphawo ali pafupi kwambiri ndi malo okulira a fupa la ntchafu, amene amatalikitsa mwendo pafupifupi sentimita imodzi pa chaka. Pali njira zowazemba, koma zimafuna dzanja lozolowera. Ndipo dziwani kuti opaleshoni imaletsa kuguluka, siilonjeza bondo longa lakale. Ena amatsala ndi kupweteka pogwada kapena pokhala nthawi yaitali.

Njira yachisanu: opaleshoni yokhudza fupa

Iyi si yosankha pa mndandanda ngati ndiwo, amaitchula ndi adokotala ataona miyeso. Pali kusuntha kachotupa ka fupa la msongolo pamene mtsempha wa kafupa umamatirira, n'kukamanga ndi masikuluu, pamene miyeso yaonetsa kuti kali kunja kwambiri kapena kafupa kali m'mwamba. Pali kuzamitsa kangalande, kumene kumachitika mwa ochepa okha. Ndipo kwa ana a maondo ogundana amene akukulabe, pali kuika kachitsulo kakang'ono mbali imodzi ya malo okulira kuti mwendo uwongoke wokha pamene akukula.

Mtengo wake umaposa wa MPFL yokha, kupatula ya kachitsulo ija imene ndi yaing'ono. Kupezeka kwake n'kochepa, koma pa nkhani ya miyendo yopindika kumbukirani chipatala cha ana cha CURE ku Bulawayo, chimene chinatsegulidwa mu 2021 ndipo chimachita maopaleshoni a mafupa kwa ana osapitirira zaka 18 popanda kulipiritsa. Ulendo wake ndi woposa makilomita 400, ndipo sudzakhala umodzi. Amene muli ndi abale ku Malawi mukudziwa kale za Beit CURE ku Blantyre. Zofunika kupitiriza ndi ma X-ray obwerezabwereza, masabata ambiri osaponda mwamphamvu kudikira fupa kuti ligwirane, ndipo kawirikawiri opaleshoni yachiwiri yochotsa zitsulo. Zoopsa zake ndi fupa kuchedwa kugwirana kapena kuthyoka, masikuluu kupweteka pogwada, ndipo kusuntha kachotupa ka msongolo sikuchitika malo okulira asanatseke, chifukwa bondo lingayambe kupindikira kumbuyo. Kachitsulo kowongola mwendo kali ndi nyengo yake mosiyana: mwana akasiya kukula, mwayi wake watha.

Ndani atenge njira iti

Ngati kaguluka lero: mumuwongole mwendo pang'onopang'ono ngati akulola, musakankhe kafupa mwamphamvu, kakakana mupite naye kuchipatala chomwecho. Ngakhale kabwerere kokha, akajambulidwe X-ray. Kuthowa kudikire masiku atatu.

Ngati n'koyamba, mulibe chidutswa, miyendo ndi yowongoka: brace kapena chikhakha cha nthawi yochepa, kenako mafizo a miyezi itatu osadumphadumpha. Ndalama zikachepa, gulani maulendo a wamafizo, siyani brace yodula.

Ngati bondo likutsekeka, likukodwa, kapena X-ray yaonetsa kachidutswa: pano MRI ndi yoyenera kuigulitsira mbuzi, ndipo dokotala wa mafupa amuone msanga, chifukwa chidutswa chachikulu chimabwezeretsedwa bwino m'masabata oyambirira. Opaleshoni ikachitika, funsani ngati akonzeretu mtsemphawo nthawi yomweyo.

Ngati n'koyamba koma mwana ndi wamng'ono, kangalande n'kosazama, mfundo n'zofewa, kapena amayi ake ndi azakhali ake anali ndi vuto lomweli: yambani mafizo, koma kaonaneni ndi dokotala wa mafupa tsopano, osadikira kachiwiri. Maondo ake akakhala ogundana, funsani za kachitsulo kaja msinkhu usanadutse. Bondo linalo nalonso lichite nawo masewerowo.

Ngati kaguluka kawiri kapena katatu, kapena kamatsetsereka pa zinthu zazing'ono monga kutsika m'kombi ndi kuvina ku kwaya: nthawi yokambirana za opaleshoni ya MPFL yakwana. Kupitiriza kugula ma brace apa n'kungochedwetsa, chicherewecherewe chikutha.

Ngati mwana ali mu Form 4 kapena Form 6 ndipo mulibe chidutswa: opaleshoni ingadikire mayeso a October ndi November athe, iye akuchita mafizo ndipo atasiya kaye masewera otembenuka. Tchuthi cha December chimapatsa masabata a ndodo popanda kujomba, ndipo ntchafu yolimba isanang'ambidwe imachira msanga.

Ngati mwana sakonda masewera ndipo akuti basi angosiya: amuchitirebe mafizo. Madzi adzatungabe, m'chimbudzi adzanjutabe, mwana adzaberekabe kumbuyo.

Ndipo ngati, monga zinalili kwathu, papita chaka kapena ziwiri, kafupa sikanagulukenso, koma mwana akuyenda mochenjera ndipo nsapato za mpira zili pansi pa bedi: sikunade. Mupite naye kwa wamafizo akamuyeze mphamvu za miyendo yonse iwiri, ndipo adokotala akamakankha kafupa chakunja, inu muyang'ane nkhope yake. Akadzidzimuka n'kugwira dzanja la adokotala, auzeni zonse zimene anasiya kuchita, kuyambira masitepe mpaka mpando wakutsogolo wa kombi.